Undijambule Nditasamba

Chaka chachitatu ku yunivesite, ku Zomba konkuno, tinali ndi phunziro la mafilimu. Miyezi iwiri tinkangoonera momwe alendo amatijambulira ife akuda, n'kumatsutsana mpaka thovu kukamwa. Ine ndiye ndinali patsogolo kulongolola. Kenako aphunzitsi anatibwereka kamera kuti aliyense akajambule filimu ya mphindi zitatu, yosonyeza moyo weniweni, yopanda zokometsera.

Sindinavutike kuganiza. Amayi anga ankatola nkhuni kuphiri, n'kumatsika nazo pamutu kukagulitsa ku Chinamwali. Anzanga amene ndinkakhala nawo ku Chikanda sankadziwa zimenezi. Akandifunsa, ndinkangoti amayi amachita bizinesi. Ndinakonza zowajambula akutsetsereka ndi mtolo, thukuta lili kamukamu, ndipo m'kalasi ndikangonena kuti ndi mayi wina amene ndinakumana naye pamsewu.

Loweruka ndinalawirira kunyumba. Ndinawapeza atasamba, atadzola mafuta, atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi ndi duku wake. Anali ataima pakhomo kuti njo, manja m'mbali.

"Amayi, nanga nkhuni?"

"Nkhuni zatani?"

"Ndimafuna muzitsika nazo phiri, ngati masiku onse."

"Azungu okwera phiri aja andijambula kambirimbiri nditasenza, osandipempha n'komwe. Iwe ndiwe mwana wanga. Undijambule nditasamba."

Ndinangoyatsa kamera. Iwo ankayesa kuti ndi yojambulira zithunzi ngati ya kusitudiyo, ndiye anangouma gwa, osaphethira. Ndinawauza kuti atha kuyenda, atha kulankhula, koma ayi ndithu. Nkhuku inadutsa pamapazi pawo, iwo osaiona. Chakumapeto milomo inayamba kunjenjemera, kenako anaphulika ndi phwete.

"Iwe, sichinathekebe? Khosi landiwawatu!"

Tsiku loonetsa m'kalasi, anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti. Aphunzitsi sanaseke. Anandifunsa kuti mayiyo anali ndani, nanga anaimiranji chotero. Bodza langa lija linali kale pamilomo. Ndinayang'ana nkhope ya amayi pakhoma paja, yonyezimira ndi mafuta, ndipo manyazi anandigwira. Sanali manyazi a nkhuni ayi, anali a mtima wanga womwewu.

"Ndi amayi anga," ndinatero. "Amagulitsa nkhuni. Anafuna kuti muwaone chonchi."

Malikisi amene ndinapeza sindiwakumbukanso.

Lamulungu lake ndinapita kunyumba. Ndinawapeza akhala pamkeka, akusankha nyemba, ndipo ndinakhala pambali pawo n'kumathandiza.

"Anzako aja anandiona?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Anakuonani. Akuti ndinu okongola."

"Bodza!" Anaseka pang'ono, zala zili m'lichero. "Unawauza kuti ndine mayi ako?"

"Ndinawauza, amayi."

Anatola kamwala m'nyemba muja n'kukaponya kutali.

"Ndimaopa kuti suwauza."