Timalemba ta pa Mapilitsi a Bambo a Rozi

Ndinanyamuka kwathu kufupi ndi doko la Kachulu cha m'ma 6 koloko m'mawa, paketi ya mapilitsi nditaimanga pansonga ya chitenje. Amuna anga, bambo a Rozi, ndinawasiya chigonere, chizungulire chili tsiku lachitatu. Mantha anandigwira, poti wowapatsa mapilitsi a BP ndine. Iwo sadziwa kuwerenga, ndipo ndinkawabisira kuti maso anga anayamba chifunga chaka chatha.

Kale kuchipatala ankalemba pamanja, zilembo zonenepa. Mwezi umenewo anamata kapepala ka pamakina, timalemba tothithikana, toonda ngati miyendo ya udzudzu. Kufunsa ndinachita manyazi, ndiye ndinkangowapatsa monga kale.

Wakabaza anandilipiritsa K2,500 mpaka pa Jali. "Mayi, chete ameneyu, mukupita kumaliro?" anafunsa tikudutsa m'minda ya mpunga.

"Palasani njinga, musandilaule," ndinatero.

Pa Jali ndinagula chigumu koma sindinachidye. Galimoto ya ku Zomba ndinaizindikira ndekha ndili patali, chifukwa chikwangwani chake chinali cha zilembo zakuda bii, zikuluzikulu, zotalikirana. Tinapanikizana anayi pampando wa atatu, K3,500 aliyense, dengu la matemba lili pamiyendo panga ngati langa. Foni ya wina aliyense ikalira, ndinkangoganiza kuti ndi uthenga wa maliro a kwathu.

Itakwana 11 koloko ndinali pazenera la mankhwala kuchipatala ku Zomba. Mayi wogawa mankhwala anafunsa, "Mumawapatsa angati?"

"Awiri m'mawa, awiri madzulo."

"Awa ndi ena, amphamvu. Palembedwa kuti limodzi patsiku."

"Sindikuona, mwanangu," ndinatero, koyamba kuzitulutsa pakamwa. Anakafunsa adokotala, n'kundiuza kuti lero asamwenso, mawa ndibwere nawo, nanenso ndidzapimitse maso. Kenako anatenga peni yonenepa ngati yolembera pamatumba a mpunga, n'kulemba paketi yonse: LIMODZI M'MAWA. Ndinawerenga osatsinzina diso.

Pobwerera ndinkangotchera khutu ngati kumudzi kukumveka kulira. Ndinafika 4 koloko, n'kuwapeza atatsamira khoma, amoyo. Ndinakhala pansi.

"Ndakhala ndikukupatsani anayi m'malo mwa limodzi. Maso anga anatha, ndimabisa."

Iwo anayankha kuti, "Ndinadziwa kale, mayi a Rozi. Chaka chonse mpunga ndikudya ndi timiyala. Koma mwala ndinkalavula, mapilitsi ndinkameza."