Envelopu Imene Ndinaisiya pa Dashibodi

Ndiyambe ndi kuulula. Mwana wanga atabadwa, ndinatha pafupifupi chaka chathunthu osatuluka naye ndekha kupitirira pa sitolo yapafupi. Laisensi ndinali nayo, galimoto inkangokhala pansi pa fulati yathu ku Alexandria, koma mtima unkakana. Mapepala athu okhalira m'dziko la eni lino anali asanatuluke, ndiye aliyense wovala yunifomu ankandichititsa mantha, ngakhale wobweretsa makalata. Ndinkaganiza kuti ndikangolakwitsa kamodzi, kaya kuimika galimoto polakwika, dzina langa lilembedwa penapake, ndipo tsiku lina adzatiuza kuti longedzani. Bambo a mwana ankati ndimawonjeza. Mwina ankanena zoona, koma iwo ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo, ine n'kutsala ndi makoma.

Amene ananditulutsa ndi mayi ena okhala pamwamba pathu, Amalawi anzathu, Asilamu, ogwira ntchito yosamalira okalamba. Tonse timangowatchula kuti Anti. Loweruka lililonse ankavala mpango wawo kumutu, diresi lalitali ndi nsapato zothamangira, n'kupita kukayenda m'nkhalango ya paki ya boma, cha kummwera kwa Springfield. Tsiku lina anagogoda, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, nkhope yatuwa ngati wagona m'thumba la ufa. Bereka mwanayo, tiye."

Titafika pageti, kanyumba ka wolandira ndalama kanali kotseka. Panalibe munthu. Panali bokosi lachitsulo lokhala ndi kampata pamwamba, ndi maenvelopu pambali pake. Anti anatsika, analemba nambala ya galimoto pa envelopu, anaikamo madola angapo, anang'amba kachidutswa ka m'mphepete mwake. Envelopu anaponya m'bokosi, kachidutswa anaika pa dashibodi kuti kazioneka pagalasi.

"Anti, nanga akuonani ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mukulipiriranji?"

"Ukaone njira tikukayendamoyi. Ukuganiza kuti mtengo ukagwa amauchotsa ndi majini?"

Ndinaiona njirayo. Pamalo a matope anayalapo matabwa. Pamitengo anapakapo timadontho ta penti kuti munthu asasochere. Chimbudzi cha pakati pa tchire chinali ndi pepala lake. Koma chimene chinandigwira mtima ndi bambo wina wokalamba amene tinamupeza pageti potuluka. Anali yekha ndi galu wake, akupisa m'matumba onse, akunyambita envelopu, osacheuka n'komwe kuti aone ngati wina akumuona.

Nditawauza amayi anga kumudzi pafoni, anaseka mpaka kutsokomola. "Kulipira kuti uyende pansi? Ife kuno timayenda pansi chifukwa chosowa ya minibasi!"

Tinapita kangapo. Kenako Anti anawasinthira shifiti kuntchito, Loweruka lawo linatha.

"Njira ukuidziwa. Pita wekha."

"Anti, sindingathe."

"Unabereka mwana wekha, ulephere envelopu?"

Ndinadziwa kuti ndikapanda kupita sabata imeneyo, ndibwerera ku makoma aja, mwinanso osadzatulukanso. Lachitatu m'mawa ndinamangirira mwana pampando wake, n'kunyamuka.

Pageti panalibe munthu, monga kale. Ndinalemba nambala ya galimoto pa envelopu, n'kuilembanso pa kachidutswa kaja, ngakhale panalibe polembapo. Ndinatsika kukaiyang'ana nambalayo kawiri. Mwana anayamba kulira, kumbuyo kunaima galimoto ina. Mwini wake sanaimbe hutala, koma ine ndinamva ngati dziko lonse likundidikira. Ndinaponya china m'bokosi, china pa dashibodi, n'kulowa.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Masamba anali atafiira, akugwa okha, akulira pansi pa mapazi anga. Mwana anagona kumbuyo m'chitenje. Agwape awiri anandiyang'ana, n'kupitiriza kudya ngati ndine wa pomwepo. Pabenchi ya m'mbali mwa mtsinje ndinamuyamwitsa mwana, ndipo ndinazindikira kuti ndikupuma mpaka pansi pa mimba, chinthu chimene ndinali nditaiwala. Ndinadziuza kuti, kani ndingathe.

Pobwerera, ndisanatuluke m'mitengo, ndinaona mayi wovala yunifomu ndi chipewa chachikulu ataima pa galimoto yanga. Ankasuzumira pagalasi lakutsogolo, kapepala kali m'manja.

Ndiulule izinso: ndinabisala kuseri kwa mtengo. Mzimayi wamkulu, wa satifiketi yake ya kukoleji, mwana kumbuyo, kuseri kwa mtengo ngati waba mango. Ndinaganiza zobwerera m'nkhalango, kuwaimbira bambo a mwana kuti adzatenge galimoto madzulo. Ndinkaona kale dzina langa pa kapepala kaja, kapepalako kakupita ku ofesi ina, ofesiyo n'kutumiza ku ina. Mwana ndi amene anandiulula. Anadzuka, anaona chipewa chija, n'kukuwa mosangalala.

Ndinatuluka. Mayi uja anamwetulira, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati galimotoyo inali yanga.

"Ndalipira," ndinatero. "Ndithu ndalipira." Ndinali nditayamba kale kufufuza laisensi m'chikwama.

"Ndikudziwa," anatero, akundionetsa kapepala kaja. Kanali kachidutswa kanga, ndi nambala yolemba ine ndemwe. "Aka ndakapeza m'bokosi. Ndalama zanu zikuwothera dzuwa apo."

Ndinayang'ana. Envelopu inali pa dashibodi, yosamata n'komwe, madola akusuzumira kunja. Inakhala pamenepo m'mawa wonse, anthu akudutsa.

"Ambiri salemba nambala pa kachidutswaka," anatero. "Mwandipeputsira ntchito."

Ndinatsekula chitseko, ndinatenga envelopu, ndinaimata, n'kumupatsira ndi manja awiri monga tinaleredwera. Iye anabweza manja ake kumbuyo.

"Ayi, si zanga zimenezo. Bokosi lili apo."

"Mundilemba?"

"Ndilembe kuti chiyani? Kuti mwailipira galimoto yanu?" Anaseka, anandipatsa kachidutswa kaja, anamugwedezera dzanja mwana, n'kumapita.

Ndinayenda ndekha kukafika pabokosi. Ndisanaponye ndinacheuka kuti aone kuti ndaponyadi, koma iye anali atatembenuka kale, akutola botolo limene wina anataya mu udzu. Sanayang'ane. Envelopu inagwera m'kati, ndinaimva ikufika pansi. M'galimoto ndinalira kwa kanthawi, mwana akundikoka tsitsi.

Madzulo ake ndinakwera kwa Anti kukawafotokozera. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye dashibodiyo inakupatsa lisiti?"

"Anti, musandiseke. Ndinabisala kuseri kwa mtengo."

"Unali waukulu bwanji mtengowo? Chifukwa iwe ndi mwana kumbuyo si kanthu kakang'ono." Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Lachitatu likubwerali upitanso?"

Ndinapitanso. Sabata yotsatira ndinayendetsa ndekha mpaka ku Rockville kukaona mnzanga amene anali atangochira, ulendo umene ndinkauzengereza kwa miyezi. Mapepala aja anatenga nthawi yake, ndipo sindinama kuti mantha anatha onse. Mpaka lero yunifomu ikandiyandikira, ndimayamba ndafufuza kaye laisensi m'chikwama.

Mwana uja tsopano amayenda yekha, ndipo tikapeza pageti palibe munthu, salola kuti wina aponye envelopu. Ndimamunyamula, iye n'kuikankhira pa kampata kaja, kenako amaika khutu pachitsulo kuti aimve ikugwa. Ine ndimayang'ana kawiri chimene chili m'manja mwake ndisanamukweze. Nambala ya galimoto ndimailembabe mbali zonse ziwiri.