Makala pansi pa mpando wa bwana

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume anga, aNamakhwa, chaka cha chisankho chachiwiri cha zipani zambiri. Iwo anali dalaivala wa bwana wina wa ku Chiringa amene ankapikisana nawo pa uphungu, ndipo ine anandilemba yotsuka galimoto. Zida zanga zinali ndowa ziwiri, burashi, sopo wa ufa ndi nsanza. Amalumewo ndinkawakhulupirira kuposa bambo anga ondibereka, osanama.

Tsiku lina bwana atagona ndi malungo, amalume anazembetsa galimoto kukanyamula munthu wogula fodya kumalire. Munthuyo ankasuta zindudu zonenepa ngati chala chamanthu, mawindo ali chitsekere poopa fumbi. Chonsecho bwana anali mkulu wa mpingo, fodya sankafuna n'kumumva komwe.

"Ndipulumutse, mwana wa mlongo wanga," anatero amalume. "Mkuja kuli msonkhano."

Ndinatulutsa makapeti n'kuwachapa. Mipando ndinaiwaza soda, n'kudzaisasa ndi burashi dzuwa litapendeka. Utsi umabisala kudenga, ndiye ndinapukutako ndi nsanza ya viniga yofinya bwino, chifukwa mukanyowetsa kwambiri nsalu yake imamatuka. Zitseko zinakhala zotsekula masiku awiri. Pomaliza ndinakulunga makala m'kansanza kakuda, n'kumanga ndi luzi kuti asadetse kapeti, n'kuika pansi pa mpando wa bwana. Makala amamwa fungo lotsalira.

M'mawa wa msonkhano bwana anagwetsa cholembera. Popisa dzanja pansi pa mpando, anatulutsa kamtolo kanga. Nthawi ya kampeni, kanthu kakuda komanga ndi luzi dzina lake ndi limodzi basi, chithumwa.

"Wakutuma ndani?" anandifunsa.

Ndinayang'ana amalume kuti afotokoze. Iwo maso anali pa tayala.

"Ine ndimangoyendetsa, bwana," anatero. "Amene amalowa pansi pa mipando ndi uyu."

Mtima unandiwawa zedi. Ndinaulula zonse, za ulendo wa kumalire, za zindudu, za makala. Bwana analowetsa mutu m'galimoto, ananunkhiza mipando, ananunkhiza denga.

"Fodya wake uti? Mwana wamng'ono bodza chonchi?"

Kalanga ine, mboni yanga ndinali nditaichapa ndekha.

Anandichotsa tsiku lomwelo. Chiringa yense anamva kuti ndinagulidwa ndi chipani china, moti amayi anga anthu anasiya kuwapatsa moni pachitsime. Amalume anayendetsa galimoto ija zaka zina zisanu, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanabwere kudzapepesa.

Lero ndili ndi malo angaanga otsukira galimoto pa boma. Makala ndimagwiritsabe ntchito, koma ndimaika m'mbale, pamwamba pa mpando, poyera. Ndipo galimoto yonunkha fodya sindiikhudza mwini wake asanabwere kudzanunkhiza yekha.