Botolo limene bambo sanamwe

Ndikukumbukira kuti amene anandiuza koyamba ndi Che Asamu, telala amene ankasoka pakhonde la hokala ya bambo anga pa Mbulumbuzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anandipeza ndikupeta nandolo pabwalo. Anatsika njinga isanaime n'komwe.

"Esinati, mayi ako ali kuti? Bambo ako agwa m'hokala. Tathamangira nawo kuchipatala."

Bambo anali munthu wathupi, ndipo anthu ankati ndiko kupeza bwinoko. Kukacha ankapita kuhokala osalawa kanthu pakhomo. Chakudya chawo chinali cha pashelefu pomwepo: mabanzi, mabisiketi, ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Masana ankadya soya pisesi wothira supu wa m'paketi. Madzulo ankatibweretsera anafe mapafusi ndi mafirizi, malilime mpaka kufiira. Anzanga ankandisirira.

Kuchipatala cha pa Boma anawapeza ndi matenda a shuga. Pachala chachikulu cha kuphazi panali bala limene linkakana kupola. Anesi anauza amayi, ine ndili pomwepo: "Mankhwala tiwapatsa, ndipo azimwa osadumphitsa. Koma akapitiriza za m'mabotolo ndi za m'mapaketizi, chala ichi chitenga mwendo."

Mawu amenewo amayi anawasunga ngati lamulo la Mulungu. Bambo atatuluka, m'nyumba mwathu simunalowenso paketi. M'mawa phala la mgaiwa lopanda shuga, masana nandolo, nkhwani wotendera, bonongwe. Amayi anati tonse tizidya zomwezo, kuti bambo asamaone ngati alangidwa okha. Ife tinkalira. Bambo ankangoyang'ana mbale.

Kenaka thupi lija linayamba kutsika. Buluku ankachita kumanga ndi chingwe. Zaka zimenezo munthu akangoonda, anthu ankaganiza matenda amodzi okha. Ndikafika pamjigo amayi ena ankasiya kulankhula. Mphekesera zinayenda mpaka ku Ndunde, kwawo kwa bambo, poti kwathu kuno anali mkamwini.

Lamlungu lina titangobwera ku Misa, tinaona azakhali a Fanesi, mlongo wawo wamkulu wa bambo, akulowa pabwalo atasenza dengu. Anakhala pamphasa, n'kuwayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Moni wa amayi anauyankha ndi mphuno. Atavundukula dengu, munali buledi, mabisiketi ndi mabotolo, monga mmene aliyense amachitira pokazonda wodwala.

"Alamu," anatero kwa amayi, "ife tinakupatsani munthu wathunthu. Uyu ndi ndani?"

Amayi anagwada. "Alamu, ndi achipatala anatiuza kuti…"

"Achipatala anakuuzani kuti muzimudyetsa masamba ngati mbuzi? Ngati mwatopa naye nenani. Ndabwera kudzamutenga, akafere kwawo."

Ndinadziwa kuti bambo akapita ku Ndunde akawanenepetsa ndi zomwe zinali m'dengumo, ndipo mawu a anesi aja anandibwerera m'makutu. Azakhali anatsegula botolo ndi mano. Linachita kuti tswii, fungo la malalanje n'kudzaza pakhonde ponse.

"Esinati, tenga ukawapatse bambo ako."

Ndinayang'ana amayi. Anali atawerama, korona yopempherera ili m'manja. Sakanatha kundiletsa, pakuti kwathu kukana chimene wozonda wabweretsa ndi kumunena kuti wathiramo kanthu. Ndinanyamula botolo lija, ndinagwada, n'kuwapatsa.

Bambo analandira ndi manja awiri. Ndinaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika. Munthu anali atakhala miyezi osalawa chotsekemera. Analikweza mpaka pafupi ndi pakamwa, n'kulinunkhiza, maso ali chitsinzinire.

"Zikomo achemwali, ndalandira," anatero, n'kuliika pansi pafupi ndi mpando. "Esinati, tamasula bandejiyi."

Ndinamasula pang'onopang'ono. Bala lija linali litayamba kuuma m'mbali, koma pakati linali likadali lofiira, lakuya. Azakhali anagwira pakamwa.

"Chala ichi chinali chitada, chikununkha," anatero bambo. "Bedi loyandikana ndi langa panagona bambo wina wonenepa kuposa ine. Analowa ndi miyendo iwiri, anatuluka ndi ndodo. Ndiye ndiuzeni achemwali, mukufuna mchimwene wonenepa wa mwendo umodzi, kapena woondayu woti adzakuperekezeni mpaka pamsewu?"

"Nanga zimene akunena anthuzi?"

"Anthuwo adzandinyamula achipatala akadzandidula mwendo?"

Azakhali anabweza zinthu zawo m'dengu mwaphokoso, n'kunyamuka osatsanzika. Chakudya chimene amayi anaphika sanachikhudze. Botolo lija linatsala pomwepo, nyerere zikukwera, mpaka bambo anandiuza kuti ndikalikhuthule kuseri.

Masabata otsatirawo tinakhala ndi mantha. Tikamva njinga panjira, amayi ankasiya chimene akuchita, poganiza kuti ndi ankhoswe abwera kudzawatenga bambo. Madzulo alionse tinkagwada pamodzi kupempha kuti bala lipole msanga, kuti likhale mboni yathu.

Tsiku lina masana azakhali anatulukiranso, dengu lomwe lija lili pamutu. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu. Azakhali atalitula, munali mphika wa kalongonda, nyemba zija zimene munthu amaphika tsiku lathunthu, kutaya madzi ndi kuthira ena. Pambali panali mtedza ndi mfutso.

"Izinso achipatala anu aletsa?" anafunsa azakhali, akuyang'ana kumbali.

Amayi anaseka misozi ikutsika. "Ayi alamu, izi ndiye akufuna."

Bala lija linapola. Pang'ono ndi pang'ono hokala ija inasanduka ya nyemba, mtedza ndi mazira. Pa ukwati wanga bambo analowa m'tchalitchi ndi miyendo yawo iwiri, ndipo amene anavina kwambiri ndi azakhali.

Lero ndine mayi wa ana atatu. Tikadutsa pagolosale amalilira mapafusi monga ndinkachitira ine, ndipo sindinama, kumukaniza mwana n'kowawa. Koma ndinaphunzira tsiku lija kuti azakhali ndi amayi onse ankawakonda bambo. Wina anabwera ndi chokoma, wina analolera kutukwanidwa. Ndikamazonda wodwala tsopano ndimayamba ndafunsa chimene amadya.

Bambo akadali moyo, tithokoze Mulungu, koma maso ayamba kuchita chifunga, ndipo mwezi wathawu mchimwene wanga wamng'ono naye amupeza ndi shuga. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukireko ife a pa Mbulumbuzi, kuti mnyamatayu akalandira botolo ndi manja awiri, akhale ndi mphamvu yoliika pansi.