Madzi Amene Hasina Anatenthetsa

Mayi wachisilamu akamwalira ku Old Town, anthu ankathamangira kwa Hasina. Ndiye ankasambitsa maliro a amayi anzake, ntchito yomwe anaiphunzira kwa azakhali ake asanakwatiwe n'komwe. Masiku ena onse ankakazinga samusa ku msika wa Tsoka, pafupi ndi benchi ya kaunjika ya mng'ono wake, Sakina. Hasina anali munthu wosalankhulalankhula, koma posambitsa mtembo ankaunong'oneza ngati mwana: "Tembenukani pang'ono, mayi, tatsala pang'ono kumaliza."

Kolona itafika, Sakina ndiye anayamba kugwa nayo. Anatsokomola, chakudya chinasiya kumukomera, kenako anadzuka n'kubwerera kumsika. Chaka chotsatira katemera atabwera, Hasina anakabayitsa, ndipo anachonderera mng'ono wakeyo kuti nayenso apite.

"Achemwali, ine ndinadwala kale," anatero Sakina uku akuseka. "Thupi langali likuidziwa. Ikabweranso iona polekera."

Nyengo yozizira itafika, matenda aja anabwereradi. Hasina anagona ndi litsipa masiku angapo, n'kuchira. Koma Sakina mpweya unayamba kumuthawa, mpaka anakamugoneka kuchipatala, komwe abale sankaloledwa kulowa. Hasina anaimitsa namwino wina pageti.

"Mwanangu, munthu woti anadwala kale n'kuchira, zatheka bwanji?"

"Mayi, kachilomboka kamasintha," anayankha namwinoyo ndi mawu otopa. "Kabwera panoka si kaja ka chaka chatha. Chitetezo cha m'thupi chikumachedwa kukazindikira. Ngakhale obayitsa kakuwagwira, kungoti ambiri a iwo sakufika pobanika chonchi."

Sakina anamwalira Lachinayi m'mawa. Hasina sanalire msanga. Anakoleza mbaula, anatenthetsa madzi, anadula sanda yokulungira mtembo, n'kukhala pakhonde kudikira. Galimoto yonyamula mtembo itafika kuchokera kuchipatala, anatsika anyamata ovala zoyera mpaka kumaso. Thupi linali lokutidwa m'pulasitiki, ndipo anati palibe wololedwa kutsegula.

"Ndasambitsa anthu osawadziwa ndi dzina lomwe," anatero Hasina atagwada pafumbi. "Uyu ndinkamusambitsa ali khanda. Nkhope yokha, chonde."

Mmodzi wa anyamatawo anayang'ana kumbali. "Pepani, mayi. Sitingathe."

Amuna ochepa anapemphera chapatali, galimoto n'kunyamuka ulendo wa kumanda. Madzi aja anazizirira m'beseni momwemo. Anakawataya ndi mwana wa Sakina dzuwa litapendeka, poti Hasina sanafune kuwakhudza.

Hasina anawatenga ana atatu a mng'ono wake, ndipo mpaka lero akuwalera ndi samusa zomwezo. Malamulo atamasuka, anthu anayambanso kumuitana pa maliro. Anakana kwa miyezi ingapo, koma atamwalira mayi wina wokalamba wopanda abale, anatenga beseni lake n'kupita.

Pa benchi ya Sakina tsopano pali mnyamata wogulitsa nsapato. Hasina anasamutsa mbaula yake, amakazingira cha kumlatho, kutali ndi benchiyo.