Manja a Atata pa Chinsalu

Ndikukumbukira fungo la mabulangete amene tinkatseka nawo mawindo a kalasi yathu ku Msanzala, m'dera la Petauke, galimoto ya kanema ikabwera. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mafilimu ake anali a boma, a ulimi ndi a zaumoyo. Ankaonetsa masana, ife thukuta lili kamukamu. Anzanga ankangodikira kuti wina agwe pa chinsalu kuti aseke. Ine, mtsikana wamakani wa giredi sikisi, ndinadwala matenda ena: ndinkafuna kudziwa amene amauza kamera koyang'ana.

Wondiphunzitsa panalibe. Kumapeto kwa kope la masamu ndinkalemba dzina la mkulu wokonza filimu, lija limatuluka poyamba, ndi zimene ndaona. Mainawo anali olimba kutchula, choncho ndinawapatsa anga. Panali Wamapiri, woyambira kutali, anthu n'kumaoneka ngati nyerere. Panali Waphuma, wodumphadumpha mpaka mutu waa! Koma wapamtima panga anali Wamanja. Ameneyu nkhope analibe nazo ntchito. Ankaonetsa manja akusenda, akuluka, akusamba, ndipo unkadziwa wekha ngati mwini wake watopa kapena wakondwa.

Chaka chimenecho alangizi a zaulimi anauza atata kuti a kanema adzajambula munda wathu wa mtedza. Abale inu, atata anauza mpingo wonse! Anapalasa njinga kukabwereka jekete kwa alamu awo. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, cha pachitupa, pamene ankaoneka ngati agwidwa ndi mbuzi ya eni. Tsopano ankafuna kuti Petauke yense aone nkhope yawo yeniyeni.

Alangizi atatchula dzina la mkulu wodzajambulayo, ndinathamangira kope langa. Anali Wamanja.

"Atata, uyu sajambula nkhope," ndinatero. "Jekete musavutike nayo."

"Iwe, kanema waiona kangati? Pita ukatunge madzi."

Tsiku lojambula, mkuluyo anawapempha mwaulemu kuti avule jekete. Anawauza azule mtedza, akutumule dothi, aswe chikoko chimodzi. Atata anamwetulira kuyambira m'mawa mpaka masaya kuwawa, pamene kamera inangoti zyoli, kuyang'ana pansi.

Patapita miyezi filimu inabwera, makolo nawonso anaitanidwa kusukulu. Atata anakhala pa benchi yakutsogolo, jekete ija ataibwerekanso. Munda unatuluka. Kenaka manja, akuzula, akukutumula, akuswa chikoko, njere ziwiri zofiira zili pachikhatho. Nkhope osabwera. Kumbuyo wina ananong'ona mokweza kuti, "Nanga a Mwanza ali kuti?" Ena anayamba kuseka. Ndinaona khosi la atata likulowa m'jekete, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Kulondola kwanga sikunandikomere ngakhale pang'ono.

Pamenepo amama, munthu wosayankhula pagulu, anaimirira.

"Imwe, museka chani? Manja a amuna anga awo! Onani chipsela cha nkhwangwa pa chala icho!"

Anaimba nthungululu, amayi ena n'kulandira. "Ndi iwodi!" anafuula amene ankaseka aja, pakuti ndani mu Msanzala amene sanapatsidwepo moni ndi dzanja limenelo? Atata anatambasula manja pamaondo, n'kumawayang'ana ngati awalandira tsiku lomwelo. Pobwerera anayenda jekete ili paphewa. Tili pafupi ndi kwathu anati, "Kope lako lija ulisunge bwino."

Masiku ano adzukulu anga amajambula nkhope zawo pa foni kuyambira podzuka, milomo atasongola, mawa lake n'kufufuta. Ndimawaseka, ndimawauza kuti atsitseko kamera, koma samva. Atata anatisiya kalekale, chitupa chija chiswe chinadya, ndipo kunena zoona nkhope yawo yayamba kundisokonekera. Koma manja aja, ngakhale mutawasakaniza ndi a anthu onse a ku Petauke, ndingawaloze osaphonya.