Nsalu ya pa Kompyuta ya Parishi

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali mlembi wa parishi yathu ku Chadiza. Ndinkalemba maina a obatizidwa, omanga ukwati ndi omwalira m'mabuku aakulu. Kenaka abwenzi a kunja anatitumizira kompyuta. Inkayendera magetsi a dzuwa, ndipo mabatire ankadzaza dzuwa likafika paliwombo, choncho ndinkaiyatsa masana okhaokha.

Tsiku loidalitsa, amayi a bungwe anabweretsa nsalu yoyera yokhuthala, yopetedwa mtanda pakati ngati ya pa guwa. Anafunditsa bokosi la kompyuta mbali zonse kuopa fumbi, abambo ansembe nkuwaza madzi odalitsa pa zonse ziwiri. Kuyambira pamenepo palibe anaganiza zoivula. Ine ndinkakumbukira munthu uja wa m'Malembo amene anagwira likasa la chipangano osaloledwa, nafa, ndipo ndinkangosindikiza batani nsalu ili pomwepo.

M'miyezi yozizira zonse zinayenda bwino. Mu Okutobala tinamva kuti aepiskopi akubwera kudzapereka sakramenti la Ulimbitso. Maina onse anayenera kulowa pa disiki, ndipo ansembe anayenera kupita nayo ku Chipata Lachisanu. Wotsala pa mndandanda akanadikira ulendo wina, umene sitinkadziwa chaka chake. Pa pepala la tchalitchi chathu chaching'ono cha ku Zemba panali dzina la nkhalamba ina imene inasiya gule nkuphunzira katekisimu zaka zitatu, chifuwa chikuwavuta. Akatekisiti analemba pambali pake kuti, “Awa musawasiye.”

Lolemba ndinamaliza maina a ku Pembamoyo, nkuyamba a ku Mlolo. Mwadzidzidzi kompyuta inadzizimitsa yokha, ndipo zimene ndinali ndisanasunge zinapita. Ndinaiyatsanso, inangoyenda pang'ono nkuzimanso. Lachiwiri chimodzimodzi. Mabatire anali odzaza. Ndinkalemba ndi zala ziwiri, malata akulira ndi kutentha, ndipo Zemba ndinali ndisanamufike. Ndinapemphera, kenaka ndinafufuza mtima wanga ngati panali tchimo limene ndinabisa. Ndinapezamo angapo, koma kompyuta sinasinthe.

Lachitatu kunadutsa bambo wina wokonza mafiriji a katemera m'zipatala, ali pa njinga yamoto. Anaima kupempha madzi, ine nkuwalowetsa mu ofesi. Analowetsa dzanja pansi pa nsalu nkulichotsa msanga.

“Amlembi, mukuphika mbatata umu?”

Ndinawafotokozera. Iwo anati m'kati mwa bokosi muli kachipangizo kakang'ono m'mene opanga analembamo ndondomeko: mmene makinawo agonere, mmene adzukire, fani yoziziritsa iyambe liti kuzungulira, ndi kutentha kumene sayenera kupyola. Mukaiyatsa, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imayamba yawerenga ndondomeko imeneyo, nkuisunga, nkumaitsatira.

“Inu Lamulungu mumasankha nokha mawu owerenga?” anandifunsa.

“Ayi, timawapeza pa kalendala ya Mpingo.”

“Nayonso choncho. Inawerenga kuti kutentha kukafika apa, zimitsa. Ndiye ikuzimitsa. Sinawonongeke, ikumvera. Mpweya wake umatulukira kumbuyoku, inu mwaitseka mphuno.”

Ndinaganiza za nyanja imene Mulungu anaiikira malire, kuti ifike apa koma isapitirire.

Nthawi yomweyo analowa amayi apampando a bungwe, tsache lili m'manja. Anapeza mlendo atagwira ngodya ya nsalu.

“Iyayi abambo, imeneyo njodalitsidwa!”

“Amayi, mwana akatentha thupi mumamufunditsa bulangete?”

“Ameneyu si mwana. Mwana angadye ulusi wonse tinathera apawu?”

“Ndiye mufunditseni, afe ali wokongola.”

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinatenga pepala la ku Zemba nkuwasonyeza amayiwo mawu a akatekisiti. Nkhalambayo ankaidziwa, chifukwa kwawo kunali komweko. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. Kenaka anatsamiritsa tsache pakhoma, napukuta manja pa chitenje, nachita chizindikiro cha mtanda, nkuvula nsaluyo okha. Kumbuyo kwa bokosi kunali fumbi losakanizika ndi ulusi, logwirana ngati chisa. Mlendo anapemerera ndi pampu ya njinga.

“Koma mukazimitsa muzibwezera,” anatero amayiwo. “Ikazizira,” mlendo anawonjeza. Pamenepo anagwirizana.

Masana amenewo kompyuta inayenda mpaka mabatire anatsika. Mlolo ndinamaliza Lachitatu lomwelo, Zemba Lachinayi. Dzina la nkhalamba ija ndinalilemba loyamba, ndikusunga pambuyo pa mzere uliwonse. Nsalu inali pa mpando, yopindidwa kanayi.

Pa tsiku la Ulimbitso agogo a ku Zemba aja anawabweretsa pa ngolo ya ng'ombe, ndipo aepiskopi anatsika pa guwa kukawadzoza pamene anakhala. Mvula isanathe ndinatsegula buku la omwalira kulembamo dzina lomwelo. Pa mpata wofunsa ngati analimbitsidwa, ndinalemba kuti inde.